A Kachingwe ndi Njira ya Pakati pa Holo

Mwezi uno patha chaka kuchokera tsiku lomwe tinaperekeza mtembo wa a Lameki Kachingwe ku bwalo la ndege, kuti akagone kwawo ku Dedza. Anzanga a m'kwaya ya Amalawi okhala kuno ku Nairobi anandiuza kuti ndilembe mbiri yawo, poti ndine amene ndinayimba nawo nthawi yaitali. Ndinavomera, koma ndinawachenjeza kuti ndilemba za mkulu amene ankatikalipira Loweruka lililonse, osati za mngelo amene ankatchulidwa pa mwambo wa maliro uja. Mngelo ameneyo ine sindinakumane naye.

Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu moti ukawamva uli kuseri unkayembekezera kuona chimphona. Anabwera ku Nairobi kudzagwira ntchito ya za mbewu ku bungwe lina la mayiko ambiri, ndipo atapuma pa ntchito sanabwerere kumudzi. Mayi a kunyumba anali atatsogola kale, ndiye anakhala ndi mwana wawo wamkazi, Tiyamike, m'nyumba ya m'mwamba ku Madaraka. Suti sinkachoka m'thupi. Ngakhale popita kukagula ndiwo zamasamba za sukuma pa kamsika ka pafupi ankamanga tayi, ati munthu sudziwa amene ukumane naye.

Chimene aliyense amawakumbukira nacho ndi moni. A Kachingwe sankatha kuyamba nkhani iliyonse asanapereke moni wokwanira ndi kuthokoza. Chiswahili chawo chinali chochepa, ndipo pafupifupi chonsecho chinali cha moni. M'matatu, momwe amatchulira maminibasi kuno, kondakitala akafunsa kuti, “Wapi, Mzee?” iwo ankayamba ndi kumufunsa mmene wadzukira, za kunyumba, za ana ngati ali nawo, ndipo pofika ponena kumene akutsikira amakhala atapitirira kale. Tinkawaseka. Iwo ankati kuli bwino kubwerera wapansi kusiyana n'kuyankhula ndi mwana wa munthu ngati ukuyankhula ndi chitseko. Ngakhale ku chipatala, masiku awo omaliza, dokotala akafunsa pamene pakupweteka ankayamba amufunsa kaye ngati wadya.

Ulemu wonsewo sunkawaletsa kuluma. Tsiku limene ndinalowa kwaya anandimvetsera ndikuyimba, n'kundiyang'ana nkhope kwa kanthawi ndithu. Kenako anati, “Achimwene, akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Inuyo mulimbikire kwambiri.” Anandiika ku tena, ndipo ndili komweko mpaka lero.

Tinkayimba m'matchalitchi, pa maukwati ndi pa maliro, koma chaka chilichonse tinkakhala ndi tsiku lathu lalikulu m'holo yakale ya zoimbaimba ya m'tauni. Holoyo inamangidwa ndi azungu m'nthawi ya atsamunda. Pamene ife tinkaidziwa inali itatopa: mipando ya matabwa yolira ukangosuntha, denga lodontha, nkhunda zogona pamwamba pa siteji. Koma inali ndi chinthu chimodzi chimene a Kachingwe ankaikondera. Kuchokera pa khomo lalikulu mpaka ku siteji kunali njira yodutsa pakati penipeni pa mipando, yokwana anthu awiri kuyenda mogundana mapewa.

Kwaya ya a Kachingwe sinkayambira nyimbo pa siteji. Tinkafola panja pa masitepe, awiriawiri, ndipo iwo ankatulutsa mawu oyamba chitseko chikadali chotseka. A m'kati ankayamba kumva nyimbo ikubwera chapatali asanaone munthu. Chitseko chikatseguka ankalowa a sopulano, kenako a aluto, ife a tena, a besi pambuyo, tonse tikuponda pamodzi pang'onopang'ono monga amalowera amayi a mpingo kwathu. Anthu ankatembenuka, ena n'kuimirira, amayi n'kuyamba nthungululu, ndipo pofika ku siteji holo yonse inkakhala ikuyimba nafe, ngakhale Akenya osadziwa mawu ake. Iwo ankati nyimbo ndi mlendo, imayamba yaodira pakhomo. Kwaya yongopezeka itaima kale nsalu ikatseguka ankaiyerekeza ndi munthu amene wam'peza atakhala kale pa mpando m'nyumba mwako.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankalimbana nawo maso ndi maso: Mayi Nabanda, mtsogoleri wa aluto, amene amagwira ntchito ya za umoyo ndipo amakhala ku South C. Mayiwa ankafuna kiyibodi m'kwaya. A Kachingwe ankati kiyibodi ndi ndodo ya anthu opanda makutu, ndipo ankawatchula mayiwo kuti “mayi a magetsi.” Mayi Nabanda nawo ankawatchula kuti “a Sinodi,” ati chifukwa chilichonse chinkayenera kudikira chigamulo chawo. Ankakangana za liwiro la nyimbo, za mtundu wa chitenje, za amene aime kutsogolo. Akatha kukangana Mayi Nabanda ankawanyamula pa galimoto yawo kukawatula ku Madaraka, mkangano n'kupitirira m'njira.

Zaka zawo zomaliza a Kachingwe sanalowenso m'holo imeneyo. Ankatiperekeza mpaka pa masitepe, n'kukhala panja akucheza ndi mlonda mpaka titatuluka. Ana a ku yunivesite amene analowa kwaya posachedwa ankaganiza kuti ndi miyendo. Sinali miyendo. Nkhani yake inayamba pamene eni holo analengeza kuti aikonzanso.

Poyamba tonse tinasangalala, ngakhale iwowo. Denga linafikadi pomvetsa manyazi. Koma pulani itapachikidwa pa khoma la pakhomo, Mayi Nabanda ndi amene anayamba kuona. Mipando inajambulidwa yodutsa kuchokera mbali ino kukafika mbali inayo popanda mpata pakati. Njira zinangotsala ziwiri zopapatiza za m'mbali mwa makoma. Pansi pake panalembedwa kuti holo ibwezeretsedwa mmene anaimangira eni ake oyamba, ndipo magulu onse ogwiritsa ntchito holoyo akuitanidwa ku msonkhano kuti adzanene maganizo awo.

Tinakumana kwa a Kachingwe kukonzekera. Panalibe kufunsana kuti akatiyankhulire ndani. Mayi Nabanda anangoti, “Abambo, kuno si kwathu, anthuwa sachedwa nazo nkhani. Mukangoimirira mukanene kuti njira ya pakati isachoke. Zothokozazo mukamalizire nazo.”

“Mayi,” anayankha iwo, “munthu salowa m'nyumba ya eni n'kuyamba kuloza pamene padontha. Ife ndife alendo m'dziko lino. Tikayambe tawasonyeza kuti tinaleredwa.”

“Kuleredwa kwanuko kutisiya panja.”

“Inu dikirani muone.”

Msonkhano unachitika masana m'holo momwemo. Kutsogolo kunakhala wapampando wa komiti ali ndi kabelu, ndipo pambali pake panali Mayi Wanjiru, katswiri wa ku Kenya konkuno amene anajambula pulaniyo. Wapampando ananena kuti magulu ndi ambiri, aliyense ayankhule mwachidule, belu likalira apereke maiki kwa mnzake. Akenya anachita momwemo. Mphunzitsi wa piyano anaimirira n'kunena kuti chipinda chosungiramo piyano chisakhale cha chinyezi, n'kukhala pansi. Bambo wina woyenda pa njinga ya anthu aulumali anati watopa kunyamulidwa pa masitepe ngati thumba la makala. Mayi Wanjiru ankalemba zonse, ndipo zina ankavomera pomwepo kuti asintha.

Itakwana nthawi yathu, a Kachingwe anaimirira n'kumanga batani la jekete. Chingerezi chawo chinali chokoma, cha ku mishoni, ndipo holo inakhala chete. Anapereka moni kwa wapampando ndi kwa a komiti. Anathokoza Mayi Wanjiru chifukwa cha ntchito yokongola, n'kuthokozanso makolo amene anawaphunzitsa sukulu. Anathokoza anthu a ku Kenya chifukwa chotisunga ife alendo. Anathokoza osesa m'holo, amene anati akhala akutola zitosi za nkhunda mosadandaula. Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Ife amene tinkawadziwa tinaona kuti tsopano akuyandikira, chifukwa anakweza chala monga ankachitira akafuna kukhota nkhani. Pomwepo belu linalira.

“Asante sana, Mzee,” anathokoza wapampando. “Mawu ngati amenewa amatilimbitsa mtima.”

Holo yonse inaomba m'manja. Mtsikana wa gulu lotsatira anali ataima kale pambali pawo atatambasula dzanja, ndipo a Kachingwe, amene sanalimbiranepo chinthu ndi mwana wa mwini, anam'patsa maiki ndi manja awiri. Anaima pang'ono chala chikadali m'mwamba, kenako anakhala pansi.

Kumapeto wapampando anafunsa ngati pali gulu limene latsala ndi mawu. Mayi Nabanda anasuntha pa mpando ngati aimirira. Anayang'ana a Kachingwe, a Kachingwe akuyang'ana nsapato zawo. Kuimirira pamenepo kukanakhala kuuza holo yonse kuti mkulu wathu walephera kuyankhula. Kwathu mawu a wamkulu sakonzedwa pagulu, makamaka pamaso pa eni dziko. Mayiwo, amene ankawatsutsa pa chilichonse tikakhala tokha, anakhazikika n'kupinda manja. Enafe sitinasunthe n'komwe.

Tili pokwerera matatu Mayi Nabanda anayamba. “Abambo, mawa lomwe mupite mukawaone mayi a pulani aja. Mukawauze zimene simunanene.”

A Kachingwe anakana. Anati aliyense anaona kuti awadula pakamwa. Kwathu munthu wamkulu akadulidwa mawu pa bwalo, eni bwalo amam'tsatira kunyumba kukamva zotsalazo. Kudzipititsa okha kukanaoneka ngati akudandaula za belu, ndiponso ngati akuphunzitsa eni ake mwambo. Choncho anadikira. Tiyamike anandiuza kuti masabata amenewo foni ikalira ankakonza kaye tayi asanayankhe. Palibe amene anaimba. A komiti sankadziwa kuti pali mawu otsala. Iwo anamva mkulu wa ku Malawi akuthokoza, ndipo anakhulupirira kuti wathokozadi.

Pamene analolera kupita, holo inali itazingidwa kale ndi malata. Anandipempha kuti ndiwaperekeze. Anatipatsa zipewa zolimba za omanga, ndipo a Kachingwe anavala chawo pamwamba pa suti osaseka. M'kati munalibe mpando ndi umodzi womwe. Matabwa a pansi anali atazulidwa, ndipo m'malo mwake munali simenti yatsopano, yokwera ngati masitepe kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo.

Mayi Wanjiru anawazindikira msanga, n'kuwalandira mokondwa. Moni utatha, ndipo unatenga nthawi yake, a Kachingwe anafotokoza za njira ya pakati, za kufola panja, za kulowa tikuyimba. Mayiwo anasiya kumwetulira.

“Mzee, bwanji simunanene tsiku lija?” anafunsa m'Chingerezi. “Titatuluka mumsonkhano tinauzana kuti ngakhale a makwaya akondwa nayo pulani. Tinkanena inuyo.”

“Nthawi inandithera, mwana wanga.”

“Mukanangobwera sabata yomweyo. Ndikanaika mipando ya pakatiyo yochotseka. Pano pansi pa simentiyi padutsa mapaipi a mphepo, ndipo mpando uliwonse uli ndi malo ake omangirira. Pole sana, Mzee, pepani ndithu. Sindingathenso.”

Mayi Wanjiru sanali munthu wouma mtima, ndipo zifukwa zake zinali zomveka. Anati pakati ndi pamene nyimbo imamveka bwino koposa, ndipo kunali kuwononga kusiya malo amenewo opanda anthu. Anati zojambula zakale za holoyo sizionetsa njira ya pakati. Kenako anatitengera kuseri kumene anaunjika matabwa akale, n'kutionetsa ena amene anachokera m'njira muja. Anali operepeseka ndi mapazi, koma munkaoneka mabowo a mabawuti otsekedwa ndi phula. Anati umenewo ndi umboni wakuti pamenepo panali mipando kale, ndipo anthu ena anachita kuizula dziko litalandira ufulu, makwaya a m'matchalitchi atayamba kugwiritsa ntchito holoyo.

A Kachingwe anagwada n'kusisita mabowowo ndi chala. Atadzuka ananena mawu amene akanayenera kunena tsiku la belu lija, ndipo anali ochepa. Anati azungu anamanga holo yoti munthu alowe mwakachetechete, akhale pansi, amvetsere. Amene anazula mipando aja ankadziwa chimene ankachita: ankafuna kulowa m'nyumba imene kale ankaletsedwa, ndipo ankafuna kulowamo akuyimba. Anati mbiri ya nyumba si tsiku limene inamangidwa lokha, komanso zimene anaichita anthu amene anakhalamo. Mayi Wanjiru anatiperekeza mpaka potulukira. Potsanzika a Kachingwe anawathokoza chifukwa cha nthawi yawo, ndipo sikunali kunyoza. Tili panja anangondiuza kuti, “Achimwene, madzi akatayika saoleka.” M'matatu sanapereke moni kwa kondakitala, ndipo ine ndinachita mantha kuposa mmene ndikanachitira akanalira.

Holo itatsegulidwa inali yokongola, ndipo iwo anali oyamba kuvomereza. Denga silinkadonthanso, nkhunda zinasamuka, mawu ankamveka mpaka kumbuyo popanda maiki. Bambo wa njinga uja analowa yekha popanda womunyamula, ndipo a Kachingwe anati chimenecho chokha n'chokwanira kuti munthu asatukwane ntchito yonse. Koma za kulowa tikuyimba sanagonje. Anatigawa pawiri, a sopulano ndi a tena khoma la kumanzere, a aluto ndi a besi khoma la kumanja, aliyense pambuyo pa mnzake poti njira zake n'zopapatiza. Poyeserera m'holo yopanda anthu zinkatheka ndithu.

Tsiku lenilenilo holo inadzaza, ndipo pakati pa mizere yathu iwiri panali anthu ambirimbiri. Ife a kumanzere sitinkawamva a kumanja. Tinkayang'ananso pansi kuopa masitepe. A sopulano anathamanga, a besi anatsalira, ndipo anthu sankadziwa kotembenukira. Mayi wina anayamba nthungululu n'kuisiya pakati. Pofika pa siteji ife tinali tikumaliza ndime imene anzathu ankaiyamba kumene. A Kachingwe anakweza dzanja n'kutidula. Anatembenukira kwa anthu, n'kupepesa mwaulemu wonse, kenako tinayambiranso nyimboyo titaima chilili. Tinayimba bwino ndithu, ndipo anthu anaomba m'manja mokhala pansi.

Loweruka lotsatira, ku tchalitchi cha ku South B kumene timaphunzirira nyimbo, anapereka kwaya m'manja mwa Mayi Nabanda. Sananene zambiri. Anati kwaya yoyambira pa siteji iwo saidziwa kuitsogolera, ndipo si bwino munthu kuphunzira ntchito yatsopano pa mitu ya anzake. Ankabwerabe Loweruka lililonse n'kukhala kumbuyo, akugwedeza mutu tikalakwitsa. Mayi Nabanda, atapatsidwa ufulu wonse, kiyibodi ija sanaibweretse. Nditawafunsa anandiyankha kuti ndisamale za tena.

Sindinamvepo a Kachingwe akuimba mlandu Mayi Wanjiru, kapena wapampando, kapena ife amene tinakhala chete. Sindinawamvenso akunena kuti analakwitsa kuyamba ndi kuthokoza. Tsiku lina ndinawafunsa ngati akanayamba ndi pempho lawo atapatsidwanso maiki aja. Anaganiza kaye, n'kunena kuti akanangofulumira pothokozapo. Ndinakwiya nawo tsiku limenelo, ndipo pena ndimakwiyabe, chifukwa chimene anataya sichinali chawo okha. Koma ndikawakumbukira atakhala pa masitepe paja, akumvetsera kwaya yawo kudzera pa chitseko chotseka, mkwiyo umatha, chimatsala ndi chisoni.

Loweruka lapitali tinachita mwambo wowakumbukira m'holo momwemo, masana. Amalawi anabwera ambiri, a m'mabungwe ndi ana a sukulu omwe, pamodzi ndi Akenya amene ankawadziwa. Ife oyimba tinalowera khomo la kuseri monga timachitira masiku ano, koma Mayi Nabanda sanali nafe. Anali pa khomo lalikulu atavala kale chitenje cha kwaya, akuuza aliyense wolowa, m'Chichewa, m'Chiswahili ndi m'Chingerezi, kuti mipando iwiri ya pakati pa mzere uliwonse pasakhale munthu. Sanatiuze kuti achita zimenezi, tinachita kumva pambuyo pake. Mayi Wanjiru anabwera nawonso, ndipo anali atakhala kale pakati penipeni, pamene pamamveka bwino paja. Mayi Nabanda anapita kukawanong'oneza. Mayi Wanjiru anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo, n'kunyamula chikwama chawo kusunthira kumbali. Anthu ena anaima m'mbali mwa makoma chifukwa malo anachepa, koma palibe amene anadandaula.

Nsalu itatseguka tinaiona tonse nthawi imodzi. Holo inali yodzaza uku ndi uku, ndipo pakati, kuchokera pa siteji mpaka ku khomo lalikulu, panadutsa mzere wa mipando yopanda anthu, iwiriiwiri, yopindika m'mwamba monga imakhalira pakapanda wokhalapo. Mlonda anali atasiya chitseko chotsegula, moti kumapeto kwa mzerewo tinkaona masitepe a panja ali mbee ndi dzuwa. Mayi Nabanda, amene tsopano anali atatipeza pa siteji, anakweza dzanja kuti tiyambe, koma anakhala choncho osalitsitsa, ndipo a sopulano anadikira mpweya uli m'chifuwa. Njira inali pomwe inkakhala kale, mulifupi mwake momwemo, yolunjika bwinobwino. Kungoti mipando yake ndi yomangirira pa simenti, ndipo munthu sangayendemo.